Thumba la Mchenga pa Mwendo wa Fanwell

Inu amene munapirirapo mwezi wathunthu, ena chaka chathunthu, kenako n'kuuzidwa kuti zonse zapita pachabe, khalani pansi ndikuuzeni za Fanwell ndi mkazi wake Elinata.

Munali mu Julaye chaka cha 1996. Fanwell anali atagona chagada masabata anayi m'wodi ya amuna pachipatala chachikulu cha mishoni, kutali ndi kwawo. Fupa la ntchafu yake yakumanja linali litathyoka pakati. M'mawa umenewo a Ezekiel, dokotala wa mafupa, anabwera ndi chithunzi cha fupalo n'kuchikweza cha pawindo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ukaona dokotala akuyang'anitsitsa chonchi, dziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Bambo, fupa silinagwirane," anatero. "Mbali ziwirizi zapitirirana, ndipo mwendo wafupika. Tiyambiranso."

Fanwell anafunda chitenje cha mkazi wake kumaso. Mwamuna wamkulu, bambo wa ana atatu, analira ngati mwana.

Sikuti ankalirira ululu ayi. Fanwell anali mkamwini. Kwawo kunali ku Mlolo, kumene makolo ake anamwalira kalekale, ndipo anakwatira ku Zingalume. Malo a nyumba, munda, ng'ombe ziwiri ndi ngolo, zonse zinali za kuchikazi. Iye chake chinali mphamvu, komanso luso lolimitsa ng'ombe limene mudzi wonse unkalidziwa. Ndiye tsiku lina ngolo yodzaza thonje inagubuduzika potsetsereka padambo, n'kumupsinja ntchafu.

A Manase, mlongo wake wamkulu wa Elinata, amenenso anali mwini mbumba, anali atabwera kale kudzazonda matenda. Kuzonda kwake! Anayankhula ndi mlongo wawo pakhomo la wodi, mokweza dala kuti wodwala amve.

"Iwe Elinata, munda sudikira munthu. Mvula ikagwa asanaime, tikamutula kwawo ku Mlolo. Sitingasunge mkamwini wodya ali chigonere."

Ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Mkamwini akamachoka amanyamula bulangete lake basi, ana amatsala kwa amayi awo. Chondiseketsa ine n'chakuti a Manase omwewo anali mkamwini kwa eni ake ku Zemba, koma akafika ku Zingalume zimenezo ankaziiwala.

Choncho mawu akuti "tiyambiranso" kwa Fanwell ankatanthauza kuti mvula imupeza pabedi, ndipo ana ake adzawaonera patali.

A Ezekiel nawo mutu unaima. Zonse anali atakonza bwinobwino. Kachitsulo kanali kobayidwa m'fupa pansi pa bondo, chingwe chinkachokera pamenepo kudutsa pakagudumu kumapazi a bedi, ndipo kunsonga kwa chingwecho kunkalendewera thumba la mchenga. Anakoka mpando n'kukhala pansi.

"Ndamva kuti mumalimitsa ng'ombe, bambo. Tsono ndikuuzeni mwa ng'ombe. Minofu ya ntchafu ndi ng'ombe zamphamvu. Fupa likathyoka, minofuyo imakoka mbali ya m'munsi n'kukwera nayo. Thumba ili ndiye munthu wogwira chingwe. Akataya chingwe, ng'ombe zimapita kumene zikufuna. Ndiye ine ndikudabwa, chifukwa thumba langali silipuma."

Elinata, amene anakhala pansi pambali pa bedi, anayankha motsitsa mawu.

"Limapuma, adokotala."

"Mwati bwanji, mayi?"

Elinata anapisa dzanja kunsi kwa bedi n'kutulutsa ndowa. Anaivundikira pansi pa thumba lija, thumba n'kukhalapo bwinobwino, chingwe n'kukhwepa. Ankachita zimenezi tsiku lililonse masana, anesi akangomaliza kugawa mankhwala, ndipo ankaichotsa akamva nsapato pakhonde.

"Ndimaona thukuta lili kamukamu, ndiye ndimati apumeko," anatero akulira. "Ngakhale ng'ombe timazimasula pagoli dzuwa likafika pamutu. Nanga munthu azikokedwa osalekeza?"

Musafulumire kumuweruza mayiyu. Fanwell nayenso ankadziwa, ndipo ankachita kuthokoza. Awiriwa ankaganiza kuti thumba lija ndi chilango chabe cha kuchipatala, pomwe mankhwala enieni ndi mapilisi aja.

A Ezekiel anatembenuka kuyang'ana mabedi ena atatu a anthu othyoka ntchafu. Amayi atatu odikirira odwalawo anangoti maso pansi. Kunsi kwa bedi lina kunali beseni, kwina chigubu, kwina kampando. Elinata, munthu wosaumira nzeru, anali ataphunzitsa anzake onse.

Dokotala anagwira mutu ndi manja awiri. Wodi yonse inadikira mkuntho. Koma mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo anaphulika kuseka mpaka misozi.

"Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali," anatero akupukuta m'maso. "Mwayi wake, nkhwali zathuzi zikadali moyo. Mayi, simunachite dala. Koma popeza amayi anzanuwa amakumverani kuposa ine, kuyambira lero ndinu kapitawo wa matumba onse muno. Thumba likagunda kanthu, ndifunsa inu."

Mawa lake anamugoneka Fanwell ndi mankhwala, n'kukoka fupa kulibwezera m'malo mwake. Atatsitsimuka anapeza thumba lawonjezeredwa mchenga. Patsogolo pake panali masabata khumi.

Sabata yoyamba inali yowawa zedi. Tsiku lachitatu masana, Fanwell anaitana mkazi wake monong'ona.

"Amake Chimwemwe, kanthawi kochepa chabe. Palibe aone."

Elinata mtima unamupweteka kwambiri. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana ndowa.

"Ayi, bambo a Chimwemwe. Ndowa ndi yotungira madzi."

Anapitadi kukatunga madzi, n'kumupukuta nkhope ndi msana, n'kukhala naye mpaka ululu unaphwa. Fanwell sanamuyankhule tsiku lonselo. Elinata sanasamale, anati bola akwiye koma mwendo uwongoke.

Ukapitawo anautenga ndi manja awiri. M'mawa uliwonse ankayendera mabedi akuwerama, kusuzumira kunsi. Wodikirira wodwala watsopano akangofika, asanamasule n'komwe katundu, Elinata anali atamukhazika pansi kumufotokozera za ng'ombe ndi chingwe. Sankabisa kuti iye mwini ndi amene anayambitsa za ndowa. Amuna a m'wodimo anamupatsa dzina loti a Polisi, ndipo akamalowa wina ankakuwa, "Bisani mabeseni, boma lafika!"

Fanwell nayenso anapatsidwa ntchito. Anamuuza kuti azilimbitsa mnofu wa ntchafu n'kuumasula, kambirimbiri pa tsiku, komanso azidzikweza pogwira chitsulo chimene chinali pamwamba pa bedi. Poyamba mnofuwo sunkamva n'komwe. Iye anayamba kuukalipira ngati mmene ankakalipirira ng'ombe zake, Sitima ndi Bulaki. "Tiye, Sitima! Koka, waulesi iwe!" Anzake a mabedi ena anatengera. Pofika Ogasiti, munthu wodutsa kunja akanaganiza kuti m'wodimo mukulimidwa munda.

Kumapeto kwa Seputembala anamujambulanso. A Ezekiel anakweza chithunzi pawindo lomwe lija, koma ulendo uno anaitana Elinata kuti aone yekha. Pamene panali pothyoka panali patamatika zoyerayera kuzungulira fupa, ngati mmene chiswe chimamatira mtengo.

"Lagwira," anatero dokotala.

Nthungululu imene Elinata anaimba inamveka mpaka kuwodi ya amayi. Nesi wamkulu anabwera akuthamanga kuti adzaletse phokoso, koma atamva nkhaniyo nayenso anaimba yake.

Musaganize kuti pamenepo zinatha. Atamuchotsa chingwe n'kumuimika, mutu unazungulira ndipo anakhalanso pansi msangamsanga. Bondo linali gwaa ngati musi. Mwendo unali wafupikirapo pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chala. Anamuphunzitsa kuyenda ndi ndodo ziwiri za m'khwapa, anamuonetsa mopindira bondo pang'onopang'ono, ndipo mu Okutobala anabwerera ku Zingalume.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Mawa lake a Manase anatulukira panjinga, atayala kale thumba pakaliyala kuti wokwera asamve kuwawa. Anapeza Fanwell ataima pabwalo.

"Ndaima, alamu," anatero Fanwell.

"Kuima ndi ndodo si kulima," anayankha a Manase.

Elinata anatuluka m'nyumba atamanga chitenje m'chiuno zolimba.

"Achimwene, munanena kuti munda sudikira munthu. Zoona, ndipo sudikira. Chaka chino pulawo ndigwira ine."

Anthu anasonkhana kudzaonera, ena akuseka. Elinata anagwira pulawo, anakuwa, koma Sitima ndi Bulaki zinangomuyang'ana zikubzikula. Pamenepo Fanwell anatsimphina ndi ndodo zake mpaka m'mbali mwa munda n'kuimba likhweru lake. Ng'ombe zinatukula makutu n'kunyamuka.

Umu ndi mmene analimira. Mkazi kumbuyo kwa pulawo, mwamuna m'mbali akutsatira ndi ndodo zikumira m'matope. Mizere yoyamba inali yokhotakhota moti ngakhale nkhuku zikanaseka. Fanwell anagwa kawiri, n'kudzuka ali matope okhaokha. A Manase anaonerera mpaka masana.

"Tiona chaka chamawa," anatero, n'kubwerera ku Zemba kaliyala ali wopanda munthu.

Chimanga cha chaka chimenecho sichinali chodzitama nacho, koma nkhokwe sinagone yopanda kanthu.

Chilimwe chonse Fanwell ankayenda m'mawa uliwonse, kupita kudambo ndi kubwerera. Anataya ndodo imodzi, patapita mwezi anataya inayo n'kutenga kamtengo, kenako kamtengo nakonso anakasiya. Madzulo ankakhala pamphepete pa ngolo akulendewetsa mwendo, Elinata akukankha bondo mpaka mwamunayo kuluma mano. Wosoka nsapato wa pa boma la Chadiza anamuwonjezera chidutswa cha tayala kunsi kwa nsapato yakumanja, miyendo n'kufanana. Anapitanso kuchipatala kawiri kukaonedwa, ndipo ulendo wachiwiri analowa pachipata akupalasa yekha njinga. A Ezekiel anamuimika pakati pa wodi kuti ogona pazingwe amuone.

Mvula ya 1997 itagwa, a Manase anabweranso. Anapeza theka la munda litatembenuzidwa kale, Fanwell ali kumbuyo kwa pulawo, thukuta lili chuchuchu, akuimba. Sanapereke moni. Analowa m'munda n'kuyenda motsata mzere umodzi kuchokera uku mpaka uko, manja kumbuyo, akufunafuna pokhota. Sanapapeze.

Fanwell anaimitsa ng'ombe. Elinata anasiya mbewu imene ankabzala n'kufika pafupi.

A Manase anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumudzi, kumene kunali kanyumba komata ka Fanwell ndi Elinata.

"Alamu, kanyumba kaja kakalamba. Chilimwe chikubwerachi muumbe njerwa."

Amene simukudziwa za chikamwini mwina simungamve kulemera kwa mawu amenewa. Mkamwini wanzeru sankaotcha njerwa pamalo a eni, poopa kumangira ena nyumba. Mwini mbumba akakuuza yekha kuti umba njerwa, wakuuza kuti pano sudzachokanso.

Fanwell anangowomba m'manja mwaulemu, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Elinata ndiye analibe manyazi. Anavina m'matope momwemo, mbewu zikumwazika, mpaka a Manase anaseka n'kunena kuti, "Iwe, ukutaya chimanga!"

Nyumbayo inamangidwa, ya zipinda zitatu, ndipo ana onse atatu anakulira m'menemo bambo awo alipo. Fanwell amatsimphinabe pang'ono kukazizira. Mukamufunsa amati ndi kayendedwe ka anthu olemera.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwauzidwa kuti muyambirenso. Mwina cholakwa chinachitika ndi manja anu omwe, kapena ndi manja a munthu amene amakukondani. Lirani, palibe choletsa, pakuti Fanwell nayenso analira. Mukatha kulira pukutani m'maso, funsani odziwa kuti akuuzeni pamene panalakwika, muvomere, ndipo muyambirenso. Fupa la munthu wamkulu linathyoka pakati n'kugwirananso. Inu musataye mtima.