Maliro a amayi anu ku Chilenje

Ba Pasikali, lero pa nkhomaliro ndaona bambo wina watsopano wa ku Kongo akudya yekha kuseri kwa fakitale, atafulatira anthu. Ndakumbuka inu. Ndi mmene munkakhalira sabata ija amayi anu atamwalira kwanu ku Burundi, inu osatha kupita chifukwa mapepala anu a ntchito anali asanatuluke. Munkawotcherera zitsulo tsiku lonse, tikakufunsani n'kumangoti, "Nili bwino, ba sisi." Koma maso anali atalowa, ndipo nthabwala zanu zija zinatheratu.

Ife tinasowa kopepesera, poti kunyumba ya maliro kunali kutali. Ndiye ba Mwape, kapitawo wathu, anati, "Nyumba ya malilo ni pamene pali wolila." Loweruka tinakulondolani ku Chilenje kumene munkakhala. Tinatulutsa mipando m'kachipinda kanu, azimayi tinamanga zitenje n'kukhala pansi, azibambo panja. Panalibe bokosi, panalibenso ndi mmodzi yemwe wowadziwa mayiwo. Tinayambitsa nyimbo ya Chibemba imene simunkaimva n'komwe, ndipo munalira mpaka mawu kusasa. Kenako munatiuza dzina la amayi anu, n'kutiphunzitsa kulitchula mpaka tinakhoza. Munati, "Nenze nabanyamula neka. Manje bangagone." Patha chaka chitisiyireni, ba Pasikali, ndipo mwagona m'dothi la kuno. Mawa nditenga mbale yanga ndikakhale pafupi ndi bambo uja. Sindikamufunsa ngati ali bwino, yankho lake munandiphunzitsa kale. Ndikamufunsa dzina la amayi ake.