Makalata a amalume a lipenga

Amalume anga ankaimba lipenga m'bandi ya jazi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Ali moyo, anthu kwathu ku Lifuwu ankati ndi chidakwa chotupa masaya. Atamwalira anasanduka katswiri.

Patapita chaka, bambo wina wa ku Lilongwe, wotolera zinthu za oimba akale, anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka kudzatenga makalata amene amalume ankalembera amayi anga. Ankafuna akawaike m'galasi kuti anthu aziwaona. Amayi anasangalala kuti mlongo wawo alemekezeka tsopano.

Anandipatsa makalatawo kuti ndiwakonze, poti kusukulu aphunzitsi ankandiyamikira pa kalembedwe. Nditawatambasula ndinachita manyazi. Anali okhathamira mafuta a usipa, zilembo zopendekeka ngati mpunga wogwa ndi mphepo, mawu ena otukwana. Mlendo wa galimoto angagwire zoterezi? Ndinagula kope latsopano n'kuwakopera onse mosamala. Pamene analemba kuti mwini hotela ndi galu, ine ndinalemba kuti ndi munthu wovutirapo. Loweruka m'mawa, akalewo ndinakolezera mbaula.

Bamboyo anafika, nalandira tiyi, kenaka anavala magolovesi oyera ngati adokotala. Ndinagwada n'kupereka kope ndi manja awiri.

"Enieniwo ali kuti?" anafunsa.

"Ndi omwewa, bambo. Ndangowasambitsa."

"Ndikunena a dzanja lawo!"

"Ndi amene awiritsa tiyi mukumwayu."

Anaika kapu pansi. "Mwanawe, watentha mbiri ya dziko!"

Amayi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Mbiri ya dzikoyo inagona miyezi itatu pamphasa apa ikutsokomola, bambo. Galimoto yanu sinkaidziwa njira?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nawenso, kusukulu anakupatsa cholembera, nzeru anatsala nazo aphunzitsi."

Kalata imodzi yokha inapulumuka, imene amayi anaipinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo. Bamboyo anagwada kuti aisolole, magolovesi ali m'fumbi. Anaiwerenga mokweza: "Mlongo, tumiza mpunga ndi buluku langa lija. Ukachedwa ndikaimba wamaliseche."

Imeneyo ndiyo ili m'galasi ku Lilongwe, ndipo ndikumva kuti anthu amaijambula ndi mafoni. Kope langa lidakali kwathu. Tsiku lina ndinawawerengera amayi masamba awiri, iwo akupeta mpunga.

"Munthu waulemu ameneyu ndani?" anatero. "Ine sindikumudziwa."