Sikirini Yatsopano ndi Maso a Anti

Lolemba lina m'mawa, pa bolodi la zidziwitso, pakati pa chenjezo loletsa kutsamiritsa njinga pa mpope ndi pempho la munthu amene anataya ambulera, panamatidwa pepala la chidindo chofiira. Linati: "Akuluakulu a ofesi ino ndi okondwa kulengeza kuti kwabwera masikirini atsopano a makompyuta. Kuyambira pano ntchito izithamanga, zolakwika zitha, ndipo aliyense aziona bwino."

Amene anawerenga kawiri, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala, anali mayi wotaipa makalata, amene ofesi yonse inkawaitana kuti Anti. Anti analowa ntchito nthawi ya mataipilaita, pamene kulakwitsa chilembo chimodzi kunali kuyambiranso tsamba lonse. Anaona mabwana akubwera ndi kupita, aliyense ndi masomphenya ake ndi makatani ake. Iwo anangokhala pakona pawo pomwepo, pafupi ndi zenera losatseguka, ndi kapilo kosoka okha, kabotolo ka mafuta a m'manja, ndi chithunzi cha mdzukulu chomatidwa pamphepete pa sikirini.

Koma chaka chimenecho zinthu zinawatembenukira. Makalata anayamba kutuluka ndi zipsera: apa mzere wadumphidwa, apo dzina la mlendo wolemekezeka laduka mchira. Bwana anawaitanitsa.

"Anti, ndinu mayi athu, sitikana. Koma maso akatopa, atopa. Zikapitirira, pakutha pa chaka tikusamutsirani pa tebulo lapakhomo, muzikalozera alendo njira."

Tebulo lapakhomo ndi pamene ofesiyo inkasungira anthu amene yawalira kale maliro akadali moyo.

"Bwana, maso anga alibe mlandu," anatero Anti. "Ulusi mu singano ndimalowetsa ndekha. Vuto ndi chisikirini chija. Chachita chikasu ngati mano a wosuta fodya, ndiye chimanjenjemera ngati chili ndi malungo."

Kunyumba amuna awo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, atamva nkhaniyi anangoti, "Mayi a ana, galimoto ikakalamba imanamizira msewu." Tsiku limenelo madzi osamba anadzitenthetsera okha.

Ndiye chifukwa chake chidziwitso chija Anti anachiwerenga kawiri. Ena ankadikira chidole chatsopano, iwo ankadikira mboni.

Ofesiyo inali ndi lamulo limodzi lomwe silinaswedwepo: chatsopano sichilowa chakale chisanatuluke, chifukwa masikirini awiri pa desiki imodzi angasokoneze oyendera katundu. Choncho wosunga katundu anadutsa ndi wilibala n'kutolera masikirini akale onse, pamodzi ndi zingwe zake, n'kukawagulitsa pa okushoni kuseri kwa ofesi. Anagula ndi mwini kashopu ka fotokope ka kutsidya kwa msewu. Anti anamatula chithunzi cha mdzukulu n'kutsanzika sikirini yawo popanda msozi.

"Pita, mfiti iwe."

Tsiku lotsegulira kunali riboni, lumo lobwereka ndi wojambula zithunzi. Bwana analankhula za tsogolo mpaka tsogololo linayamba kuchedwa. Kenako analengeza kuti ulemu woyamba upita kwa Anti, poti ndiwo mkhalakale. Wamakompyuta, bambo wamtali wokonda kuyankhula yekha, anakwawira kunsi kwa desiki ndi chingwe m'manja. Anthu anakonzekera kuwomba m'manja. Manja anatopa ali m'mwamba.

"Achimwene, mwagona kumeneko?" anafunsa Anti.

Wamakompyuta anatuluka kangaude ali m'mutu. "Anti, sizikulowa."

"Kankhani."

"Si za mphamvu izi. Kompyuta yanu kumbuyo kuli polowetsera pabuluu, pa timabowo tambirimbiri, pomangira ndi tizikuluwu tiwiri. Chingwe cha sikirini yatsopanoyi mutu wake ndi wopyapyala, umafuna kabowo kakatali kamodzi. Kompyutayi ilibe kabowo koteroko, ndipo sikiriniyi ilibe pabuluu."

"Tatembenuza," anatero bwana, ndi mawu a munthu amene wathetsapo mavuto aakulu kuposa amenewa.

Anatembenuza. Anatembenuzanso. Anthu anawomba m'manja, poti manja anali kale m'mwamba, ndipo chithunzi chinajambulidwa: bwana akumwetulira, Anti ataika zala pa kiibodi, sikirini ili bii. Kwa wojambula anafotokoza kuti yazimitsidwa dala posamala magetsi.

Panakhazikitsidwa komiti. Komitiyo inakumana, inamwa tiyi, inakumananso, n'kupeza chimene wamakompyuta ananena ali kunsi kwa desiki: pakufunika adaputa, kachipangizo kokhala pakati pa zingwe ngati nkhoswe, kotenga chithunzi ku kompyuta yakale n'kuchipereka ku sikirini yatsopano. Oda yogulira ma adaputa inayenda ulendo wake wa desiki ndi desiki, kugona m'madirowa, kudzuka, kubwerera chifukwa chidindo chinapendekeka.

Ntchito yokha sinadikire. Anti, amene zala zawo zinkadziwa kiibodi ngati njira ya kunyumba, anapempha wamakompyuta awaphunzitse mabatani otsegulira tsamba ndi otumizira ku pulinta, n'kuyamba kutaipa mu mdima. Ankataipa akuyang'ana nkhope yawo mu galasi lakudalo, kenako n'kuthamangira ku pulinta kukaona zimene alemba. Tsiku lina kunkatuluka kalata. Tsiku lina kunkatuluka ya sabata yatha. Tsiku linanso kalata yothokoza inatuluka itakwatirana ndi yodzudzula, mutu wa iyi, miyendo ya iyo, ndipo bwana anasaina osawerenga.

Ma adaputa atafika, Anti anavala diresi lawo la ku tchalitchi. Wamakompyuta anakwawiranso kunsi kwa desiki, n'kutuluka msanga kuposa poyamba.

"Anti, musanditukwane. Awa ndi a njira imodzi, ndiye agula a kobwerera. Amatenga chithunzi ku kompyuta yatsopano kupita ku sikirini yakale."

"Ndiye mukuti chiyani, achimwene?"

"Ndikuti tikanakhala ndi makompyuta atsopano ndi masikirini akale, bwenzi pano tikuvina."

Komiti inalemba kuti ma adaputa afika onse ali bwinobwino, ndipo n'zoona, analibe chilema. Oda ina sinali yotheka, chifukwa vuto limodzi saligulira mankhwala kawiri chaka chimodzi.

Chaka chikutha, bwana anawaitanitsanso, mulu wa makalata uli patsogolo pawo.

"Anti, munkati vuto ndi sikirini yakale. Tinaichotsa?"

"Munaichotsa, bwana."

"Yatsopano tinakupatsani?"

"Munandipatsa, koma siyaka."

"Sindinafunse za kuyaka. Ndi yatsopano kapena si yatsopano?"

"Ndi yatsopano."

"Nanga zolakwika zachepa?"

"Zachuluka, bwana."

Bwana anatambasula manja mwachisoni, ngati dokotala amene wapeza matenda omwe ankawayembekezera. "Mwaona? Ndi maso, Anti. Ife mbali yathu tachita."

Anti anabwerera pakona pawo. Mboni yawo inali pa desiki, yokongola, yopyapyala, yosalankhula. Ananyamula kapilo, mafuta a m'manja ndi chithunzi cha mdzukulu, n'kupita pakhomo. Lipoti la chaka linati ma desiki onse alandira masikirini amakono, ndipo ofesiyo inapatsidwa satifiketi ya mu felemu, imene inapachikidwa pakhomo pomwepo, pamwamba pa mutu wa Anti.

Masiku ano Anti amalozera alendo njira, ndipo njira imene amaloza kwambiri ndi yotulukira kunja. Makalata onse a ofesiyo amataipidwa kutsidya kwa msewu, mu kashopu ka fotokope, pa sikirini yachikasu yonjenjemera, yokhala ndi kachipsera ka selotepu pamphepete pamene panali chithunzi cha mwana.