Kabokosi Kopanda Khutu ndi Nyimbo ya Apongozi

Kabokosiko kanabwera ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ali patchuthi kuchokera ku Joni. Kanali kakompyuta kosaposa chikhatho, kobiriwira, tizitsulo take tonse tili pamtunda. Anakaika patebulo n'kunena kuti, "Ndamva kuti mumakonda kumasula zinthu, alamu. Mundijambulire nyimbo yosinjira ya amayi ija, ndizikamvera kuntchito. Mukatha, kabokosi n'kanu. Mukalephera, Lamlungu ndibwerera nako."

Ine sukulu ndinasiyira panjira, koma chinthu chokhala ndi mawaya sindichidutsa. Kabokosiko ndinakafuna ndi mtima wonse.

Telefoni sikanathandiza. Apongozi akaiona ikuwaloza, ankatseka pakamwa, apo ayi ankayamba ya kutchalitchi ndi mawu aulemu. Komanso ine ndine mkamwini pamudzi uno wa ku Domwe. Tikakumana panjira ya kudimba, mmodzi amapatukira m'chimanga, ndipo zonse zoti tiuzane zimadzera mwa mkazi wanga. Iye atawafunsa za kabokosi, apongozi anati ngati kalibe maso, kakhale pambali pa mtondo, iwo alibe nako mlandu.

Ndinakalumikiza ku TV yathu, n'kulemba malamulo amene alamu anandisonyeza. M'mbali mwake munali kabowo kozungulira, ndiye ndinalowetsamo maikolofoni ya wailesi yakale n'kuyimba mluzu. Pomvetsera, zii. Ndinakuwa, ndinawomba m'manja, ndinatukwana pang'ono. Zii.

"Kakulakwirani chiyani?" mkazi wanga anafunsa ali pakhomo. "Mukakaponya pakhoma, musesa nokha."

Ndinatuluka n'kukazungulira khola mpaka mtima utatsika. Pobwerera ndinaganiza zoyesa mwina: m'kabowo muja ndinalowetsa tomvera m'makutu. Nyimbo ya pakompyuta inamveka bwinobwino. Kani kabowoko kanali kamwa, osati khutu. Zinandidabwitsa kuti munthu angapange chinthu chanzeru choncho, cholankhula, koma chosamva.

M'mawa mwake ndinakwera shapa, kaminibasi ka kuno, kupita ku Ulongwe. Wokonza matelefoni wina pamsika anafufuza m'chitini n'kutulutsa kachipangizo ka USB kokhala ndi mabowo awiri, lobiriwira ndi lofiirira. "Lofiirirali ndiye khutu lanu, achimwene," anatero. "Mukasokoneza musabwere kudzandikalipira, nkhope yanu ndikuiona."

Kunyumba kunali zii yemweyo. Apa sindinapse mtima kwambiri, chifukwa ndinali nditayamba kumva kukoma kwa kusakako. Ndinafunsa kabokosi kuti kakuona zida zingati za mawu, ndipo kanaonetsa ziwiri, chake chobadwa nacho ndi chachilendocho. Kankamverabe ku chake chogonthacho. Ndinasintha nambala kuti kazimvera ku chachilendocho, ndinapezanso kuti mphamvu ya maikolofoni inali yotsitsiratu, n'kuikweza. Mluzu wanga unatuluka mu TV, woipa ngati wa mbusa wachimfine. Koma pansi pake panali kulira kwina, ng'ooo, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo.

Njuchi imeneyi inandidyera tsiku. Ndikagwira waya, inkakula. Ndikavula nsapato n'kuponda dothi, inkasintha mawu. Ndinaitana mkazi wanga kuti agwire iye, ndipo inalira mosiyana ndi ine, mpaka tinaseka. Kenako ndinazula karegadori, chotchajira chija chimakoka moto ku sola yathu, n'kulumikiza kabokosi ku batire loyenda nalo la alamu. Njuchi inafa pomwepo. Mpaka lero sindimvetsa bwino kuti inkalowera pati.

Loweruka masana mkazi wanga ananyamula zonse m'lichero, maikolofoni titaiveka sokosi chifukwa cha mphepo ya kuno. Ine ndinapita kukapalira kachewere, kuti apongozi amasuke. Khasu linali m'manja, mutu uli kumtondo.

Madzulo tinakhala atatu, ine, mkazi wanga ndi alamu, kuti timvere zimene kabokosi kanajambula. Poyamba kunamveka nkhuku, kenako munsi, du, du, wamphamvu mpaka kuphwanya mawu. Ndinaluma mano, poti ndinadziwa kuti mphamvu ija ndinaikweza mopyola. Koma wina anakokera lichero patali, munsi unafewa, ndipo nyimbo inadza yonse, mawu okwera amene ine ndinkangowamvera kuseri kwa mpanda. Alamu anayang'ana pansi osaphethira.

Nyimbo itatha, apongozi anamveka akutsokomola n'kuyandikira maikolofoni.

"Akumva eti, bambo a kunyumbako?" Mkazi wanga anamveka akuti adzamva madzulo. "Chabwino. Bambo, ndi ine. Nkhokwe yanga yapendekeka, mvula isanabwere muione. Ndipo ndiwo zikachepa mchere muzinena, mwana wangayu dzanja lake n'louma ngati la atate ake."

Aka kanali koyamba kuti andilankhule ine mwini. Sindinadziwe poyang'ana. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Alamu anapukuta m'maso n'kupempha kuti ndibwezere poyambira. Titamveranso, anakopera nyimboyo mu telefoni yawo, n'kukankhira kabokosi kwa ine.

"N'kanu. Koma batire ndi langa, ndipita nalo."

"Nanga njuchi ija?"

"Imeneyo ndi yanu, alamu. Inabwera ndi sola yanu."