Nyota Yachitatu ya a Chikadza

Ku Nambuma mukanafunsa kuti kwa a Gladson Chikadza ndi kuti, anthu akanangoyang'anizana. Koma mukangoti a Sajeni, ngakhale amayi ogulitsa tomato pamsika ankakulozerani nyumba ya malata ofiira kuseri kwa chigayo. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, m'busa amene ankati, "A Sajeni atitsekera ndi pemphero." Munthu wake anali wamtali, wouma thupi, woyenda chowongoka. Mizere ya fodya m'munda mwawo inkachita kukhala ngati ayeza ndi chingwe, ndipo waganyu akakhotetsa mzere ankaubwereza, kulira ayi.

Usilikali analowa ali mnyamata, atatopa ndi kupalira mtedza kwa amalume awo. Nkhondo itavuta ku Mozambique anatumizidwa kukalondera njanji yopita ku Nacala, ali Kopolo, timizere tiwiri pamkono, tija asilikali amati nyota. Tsiku lina zigawenga zinaotcha bogi ya sitima, ndipo iwo analowa m'moto n'kutulutsamo anzawo awiri. Kaputeni wawo anaitana gulu lonse pansi pa mtengo, nati, "Chikadza, kuyambira lero ndiwe Sajeni. Pepala ndilitumiza pa sitima ikubwerayi." Mnzawo wina wa ku Nsaru, Ambrose Kadzakumanja, amene sankasiyana ndi singano, anawasokerera nyota yachitatu pomwepo ndi ulusi wakuda. Sitima ija isanafike, Kaputeni anaponda bomba lokwirira. Pepala linafera m'mutu mwake.

Tsoka lake, a Chikadza atabwerako anayamba afika kumudzi. Amayi awo ataona nyota zitatu anagubuduzika pafumbi ndi nthungululu, amalume anazinga mbuzi, mudzi wonse unadya usajeni. Atabwerera ku ntchito, mkulu wina anangoyang'ana pamkono n'kufunsa kuti, "Wakupatsa ndani zimenezi? Chotsa!" M'fayilo munalibe kanthu. Ndiye inu mukanatani? Mbuzi yadyedwa kale, mayi wako wavina kale. Iwo anangopinda malaya aja n'kuwabisa pansi pa sutikesi. Ku ntchito anali Kopolo, pobwera ku tchuthi ankavala malaya a nyota zitatu aja basi ikangodutsa pa Lumbadzi. Anapuma ntchito zipani zitangochuluka m'dziko muno, akadali Kopolo. Amene ankadziwa ndi akazi awo okha, a Getrude.

Zaka zinapita, tsitsi linachita imvi, ndipo nkhaniyo inagona. Inadzuka pamaliro a msilikali wina wakale ku Mpingu, amene kwawoko ankamutcha Lefutenanti. Paja pamaliro pamawerengedwa mbiri ya malemu, kumpingo mbiri yake, kuntchito mbiri yake. Msilikali wachinyamata anaimirira ndi pepala n'kuwerenga mokweza kuti malemuyo analowa ntchito ali msilikali wamba, ndipo anapuma ali msilikali wamba. Abale inu, anthu ndi oipa! Amayi anayamba kutsinana, nsalu zili kukamwa. Adzukulu okumba manda ndiye anachita kuseka poyera, wina n'kumenya sawasha ndi fosholo, amvekere, "Tsikani bwino, bwana Lefutenanti!" Ana a malemu anangozyolika.

A Chikadza anabwerako thukuta lili kamukamu, chikhalirecho kunali mphepo ya mu Juni. Miyendo inali itayamba kale kuwatupa, ndipo kuchipatala anali atawauza kuti mtima wawo watopa. Kuyambira tsiku limenelo mantha anawalowa m'mafupa. Imfa yeniyeniyo sankaiopa kwenikweni, anaiona kambiri ku njanji. Ankaopa pepala lowerengedwa pamaliro lija. Ankaona bokosi lawo lili pabwalo, amvano atazungulira, a Gideoni mlembi wa mpingo atangomaliza kuwerenga kuti a Sajeni anali munthu wosanama, kenako kamnyamata ka yunifolomu n'kuimirira kuti Kopolo. Akaganiza zimenezo ankangokankhira mbale ya nsima kumbali.

"Kodi inu mufa ndi matenda kapena ndi maganizo?" anawafunsa a Getrude tsiku lina akusankha fodya m'chigafa. "Nyotayo munaba? Si munapsa nayo manja? Pitani mukawauze akonze."

Anapita ku likulu la asilikali mtauni, malaya aja ali m'jumbo. Pageti anaima n'kumazengereza kulowa, munthu woti analowapo m'moto. Kamsilikali ka msinkhu wa mdzukulu wawo kanati, "Mdala, tikuthandizeni?" ndipo iwo anavula chipewa kwa mwana ameneyo. Mu ofesi anapeza mayi waulemu ndithu, amene anamvetsera nkhani yonse osawadula. Anatulutsa fayilo yawo, yopyapyala zomvetsa chisoni, n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Bambo, sindikukutsutsani ayi," anatero mayiyo. "Koma malaya si umboni, aliyense atha kusoka. Mupeze munthu amene analipo tsikulo, akalumbire kwa majisitireti, mubwere ndi kalata yake. Akuluakulu akaiona atha kukonza. Alipo wamoyo?"

Anayamba kuwerenga m'mutu. Awiri aja anawatulutsa m'moto anapita kale ndi matenda aja anatha anthu. Ena anamwazikana osadziwika kumene ali. Anatsala Ambrose yekha, amene tsopano anali telala pakhonde la sitolo ku Nsaru.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Nsaru ndi patali ngati? Munthu utanyamuka m'mamawa, dzuwa lisanafike pamutu wafika. Koma a Chikadza sanapite. Anati ayambe amaliza kusankha fodya. Fodya atatha anati adikire mabelo apite ku okushoni. Kenako kunabwera msonkhano wa akulu a mpingo, kenako mwendo. Zonsezo zinali zonamizira, chenicheni chinali mantha. Nanga Ambrose akakati waiwala? Nanga akakaseka n'kunena kuti, "Aa, Gladson, zija Kaputeni ankangokusangalatsa"? Bola osapita, umboniwo ukhalebe wamoyo ku Nsaruko, kusiyana n'kukaumva ukufa ndi makutu awo. Ankatulutsa malaya aja, kusisita ulusi wakuda uja ndi chala, n'kuwabwezeranso.

Anawanyamula ndi a Getrude. Tsiku lina m'mawa anangoitana akabaza awiri, n'kuima pakhomo atamanga kale nsalu. "Kwerani. Mukapanda kukwera ndipita ndekha, ndikamunyamule telala wanuyo pamsana."

Njira yonse a Chikadza ankayeseza mawu oti akanene. Atatsala pang'ono kufika, wakabaza anamanga mabuleki n'kutsika. Pamsewu panali patayalidwa masamba aawisi, chizindikiro chakuti pamudzipo pagwa zovuta, ndipo aliyense wodutsa atsike njinga, avule chipewa. A Chikadza anatsika, navula chipewa. Pakhonde la sitolo panali makina osokera atavundikiridwa ndi chiguduli, mpando uli chadodolido.

"Pepani, kodi zovutazi n'za ndani?" anafunsa a Getrude kwa mayi wina wosenza nkhuni.

"Atelala, a Kadzakumanja. Atisiya dzana. Sabata yathayi ankasoka bwinobwino pakhondepo."

A Chikadza anakhala pansi pomwepo m'mphepete mwa msewu, jumbo ili pamiyendo. Sabata yathayi! Sabata yathayi iwo anali pakhomo, kukonza khola la nkhunda.

Kubwerera sikukanatheka, maliro a mnzako suthawa. Anakapepesa kusiwa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna ena. Atakweza maso anaona a Gideoni, mlembi wa mpingo wawo uja, akuwakodola mwansangala. Akazi a a Gideoni kwawo n'komweko ku Nsaru, ndipo anabwera ndi anthu angapo a ku Nambuma.

"Eee, a Sajeni, mwabwera kudzaperekeza mnzanu! Khalani kuno kumpando, musakhale pansi," anatero a Gideoni, mokweza kuti onse amve kuti kwawo kuli munthu.

Posakhalitsa lole ya asilikali inafika. Mkulu wawo, mnyamata wonenepa bwino wa mawu ngati ng'oma, analengeza kuti onse amene anagwirapo usilikali abwere kutsogolo aperekeze mnzawo mwaulemu. Anatuluka madala asanu kapena asanu ndi mmodzi. A Chikadza anafuna kudzimira kuseri kwa mtengo, koma a Gideoni anali atawagwira kale mkono, kuwakankhira kutsogolo monyadira.

Mkulu uja ankawaimika potsata maudindo, akuluakulu kutsogolo pafupi ndi bokosi, ena kumbuyo. Ankafika pa aliyense n'kufuula, "Nambala, udindo, dzina!" A Chikadza anamva mapazi ake akuyandikira. Anayang'ana bokosi lija. Munthu yekhayo amene akanati "ndinasoka ndine" anali m'menemo, manja atawongoledwa. Anakonza mawu pa lilime, Sajeni, Sajeni, si bodza, Mulungu akudziwa kuti si bodza.

"Nambala, udindo, dzina!"

Zidendene zinagundana zokha, msana unawongoka wokha. Pakamwa pamene panayankha funso limenelo m'mawa uliwonse kwa zaka zonse za ntchito sipanadikire mwini wake. Panatchula nambala yonse osaphonya, kenako, momveka mpaka kumene kunakhala amayi, "Kopolo Chikadza, bwana!"

"Mzere wachiwiri, mdala."

Palibe anaseka. Kukanakhala kuseka bwenzi zili bwino. Anaima mu mzere wachiwiri, jumbo ili m'khwapa, osayerekeza kutembenuka. Kumanda mfuti zitalira anadzidzimuka ngati mwana, iwo amene ankagona tulo zipolopolo zikudutsa pamwamba pa tenti.

Pobwerera anayenda wapansi mpaka kupitirira masamba aja, a Getrude ali pambali. Kumbuyo kunamveka belu la njinga. Anali a Gideoni. Anachepetsa liwiro, anatsitsa phazi limodzi pansi, maso ali pa jumbo, kenako pa fumbi.

"Mwayenda bwanji... ndiye kuti tionana Lamulungu, a..." Anaima. Anakonza chipewa chimene chinali bwinobwino. "A Chikadza."

Anapalasa njinga n'kumapita. A Getrude anatambasula dzanja kuti awalandire jumbo ija, koma iwo anaikanikiza pachifuwa ndi manja onse awiri.