Kalata imene inagona miyezi khumi

Anzanga, Policarpo ndinakumana naye chifukwa cha komputadori yokana kulandira maimelo.

Ndine Sesilia wa ku Ulongwe, ndimakonza makomputadori m'maofesi. Unali mwezi wa Junyu, chisanu cha kwathu kuno mukuchidziwa. Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Domwe, ku bungwe la alimi a kachewere, komwe ndinapeza mlembi wawo atavala majuzi awiri, nkhope ili ngati ya munthu amene mbuzi zamudyera munda.

Vuto linali laling'ono. Bokosi la makalata linadzaza, ndiye ndinasamutsa akale n'kuwasunga padera. Maimelo anayamba kugwa ngati mango. Iye anandithokoza kanayi, n'kundinyamulitsa kathumba ka kachewere.

Sabata yotsatira anaimba kuti kalendala yasiya kuonetsa misonkhano. Ndinapeza kuti wina waibisa dala. Sabata inayo, zilembo zachepa...

Ndinamuyang'ana m'maso. "A Policarpo, komputadoriyi ikudwala yokha, kapena pali amene akuidwalitsa?"

Anakanda m'mutu. "Nanga ikachiriratu, mana Sesilia, mudzabweranso?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti asiye kuzunza chipangizo cha alimi, ndipo ndinamuonetsa mmene amalembera nthawi yokumana mu kalendala. Analemba yekha: "Sesilia, Lachinayi." Pulogalamu itafunsa kuti zizibwerezedwa mpaka liti, anasankha zopanda tsiku lothera, n'kutumizanso uthengawo ku komputadori yanga.

Umu ndi mmene anandifunsira mwana wa eniake.

Ndinamukonda, sindibisa. Lachinayi lililonse tinkadya chimanga chootcha pamsika, iye akundisimbira za mbewu ngati akulalikira. "Inu" anatha, tinafika pa "iwe". Ananditengera kwa achemwali ake, nawo anayamba kunditchula mlamu ndisanakhale n'komwe pansi.

Za Vitória anandiuza yekha. Anali chibwenzi chake, anapita ku Beira kukaphunzira unamwino, anakangana, mtsikanayo n'kumutsekera foni. Poli anamulembera imelo yopepesa, koma yankho silinabwere. Anati anangoona kuti basi, amukana.

Panali kanthu kamodzi. Akatsegula maimelo, kankatuluka kabokosi kodandaula kuti china chake chalephera kutumizidwa. Iye ankangokatseka osawerenga. Ine, katswiri wathunthu, ndinkakasiya dala kuti ndisasowe chonamizira kwathu popita ku Domwe.

Mwezi wa Marisu, wachitatu wa chaka chotsatira, bungwe linagula komputadori yatsopano, ndipo anandiitana kuti ndisamutse zonse. Apa ndi pomwe ndinatsegula kabokosi kaja.

Mu pulogalamumo munali maadiresi awiri, ya kuntchito ndi yakeyake ya Poli. Pa yakeyo anasintha senya, mawu achinsinsi aja, kalekale pafoni, koma komputadori sanaiuze. Choncho chilichonse chochokera pa adiresi imeneyo chinkangokhala m'bokosi la makalata odikira kutuluka.

Munali kalata imodzi yokha. Yopita kwa Vitória. Yolembedwa mwezi umodzi ine ndisanafike.

Mutu wake unali wakuti, "Ndikhululukire, ndikudikira."

Anzanga, Vitória sanamukane. Kalatayo sanaione n'komwe.

Poli anali panja akuyeza matumba. Muofesi ndinali ndekha, ndipo batani lofufutira linali pansi pa chala changa. Ndikanangodina kamodzi, kabokosi kaja kakanasowa, iye akanandiyamikira kuti ndine dolo. Palibe akanadziwa, ngakhale pa ukwati wathu.

Chala chinakhala pamenepo nthawi ndithu, ndisakunamizeni. Koma ndinadziona ndikudya naye chimanga Lachinayi lililonse, ndikudziwa kuti ali nane chifukwa cha senya yolakwika. Ndinazula chingwe cha intaneti kuti kalatayo isanyamuke yokha, n'kumuitana.

"Poli, kalata yako ija sinapite. Ukalemba senya yatsopano ipita lero. Ukafuna, ndiifufuta. Sankha wekha."

Anakhala pampando, manja ali fumbi lokhalokha. Anayang'ana kalatayo, anandiyang'ana ine, n'kubwereranso ku kalata. Kenako anafunsa chapansipansi:

"Ikafika... adzadziwa kuti ndinalemba kale?"

Funso limenelo linandiyankha zonse.

Ndinamuuza kuti tsiku likhoza kusintha, ndi bwino alembe mzere umodzi pamwamba wofotokoza zimene zinachitika. Ndinabwezeretsa chingwe ndi manja angawa. Iye analemba senya. Kalata ya miyezi khumi inatuluka m'kuphethira kwa diso, ndipo kabokosi kodandaula sikanabwerenso.

Vitória anayankha Lamlungu. Madzi saiwala khwawa, anzanga.

Chimene ndimamulemekezera Poli n'chakuti sanandizembe. Anakwera njinga yamoto mpaka ku Ulongwe kudzandiuza pamaso kuti abwererana, akulephera kumaliza mawu. Ndinalira masabata awiri, kachewere ndinayamba kumuda ngati wandilakwira.

Pano ndili bwino. Ntchito ikuyenda, ndanenepa, ndipo ndikamva zoti akukonza chinkhoswe mtima sundilasa. Ena amati ndinapusa, ndinaphika ndekha wina n'kudya. Mwina. Koma mwamuna wosungidwa ndi bodza si wako, wangomubwereka, ndipo ine ndimagona tulo tanga tonse.

Chinatsala chimodzi. Lachinayi lililonse komputadori yanga inkalirabe kundikumbutsa za ku Domwe, ine n'kumangotseka, monga ankachitira mwini wake ndi kabokosi kaja.

Sabata yatha ndinadina pofufutira. Pulogalamu inandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuchotsa Lachinayi la lero lokha, kapena onse otsatira.

Ndinasankha onse.