Bambo Aiwala Buleki

Ndili m'galimoto ya bambo anga, omwe anayendetsa basi zaka zambiri koma tsopano akalamba. Tikutsetsereka phiri, ndipo zikwangwani zonse zapamsewu zalembedwa dzina la malemu amayi.

"Bambo, pondani buleki," ndikuwauza.

"Buleki ndi iti, mwanawe?" akufunsa, akuyang'ana kumapazi. Pansipo pamera bowa.

Ndikupempha kuti ndiyendetse ine. Akukalipa: "Ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe!"

Kutsogolo ana asukulu akuwoloka msewu atasenza madesiki. Bambo akuwatchula mayina mmodzimmodzi, koma langa lawathawa. Kenako akuzula chiwongolero n'kundiikira pamiyendo, chofunda ngati buledi. Galimoto ikuthamangabe.

Ndadzuka. Panja, bambo akutsuka galimoto yawo, akuimba mluzu.